Khofi ndi Tiyi: Phindu Liyambira pa Nazale

Alimi ambiri amene afuna kuyamba ulimi wa khofi kapena tiyi amayamba ndi kufunsa mtengo wa pa kilogalamu. Funso limeneli ndi labwino, koma siloyamba. Loyamba ndi la mbande. Mlimi wa chimanga akabzala mbewu yosayenera amataya chaka chimodzi, chaka chinacho nkukonza. Tiyi ndi khofi sizitero ai. Ku Mulanje ndi ku Thyolo kuli mitengo ya tiyi ya zaka zopitirira 60 imene ikuthyoledwabe, ndipo mtengo wa khofi wosamalidwa bwino umabereka zaka 20 kapena kupitirira. Mbande imene mubzala chaka chino mudzakhala nayo kufikira ukalamba wanu, mwinanso ana anu adzaipeza. Ikakhala yofooka, munda wonse udzakhala wofooka zaka zonsezo, ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji.

Mbewu ziwirizi si zachilendo m'dziko muno. Khofi anafika ku Mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, atabwera ndi Jonathan Duncan, ndipo pofika zaka za m'ma 1890 ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja. Itadutsa 1900 ulimiwo unagwa chifukwa cha tizilombo, chilala ndi kutsika kwa mtengo, pakuti dziko la Brazil linadzaza misika ndi khofi wake. Eni minda ambiri anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi, amene Henry Brown anayamba kubzala ku Mulanje mu 1891. Kwa nthawi yaitali mbewuzi zinali za m'maesiteti. Alimi a m'midzi anathandizidwa kuyamba tiyi ndi bungwe la Smallholder Tea Authority limene linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo a khofi anali pansi pa Smallholder Coffee Authority kuyambira 1971. Mabungwe awiriwa anatha. Alimi a tiyi anapanga magulu awo monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, ndipo alimi a khofi anapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union mu 2007. Tanthauzo lake ndi lakuti ntchito yopeza mbande, imene kale inali m'manja mwa boma, tsopano yagwera alimi eni ake ndi magulu awo.

Malo oyenera

Si paliponse pamene mbewuzi zimachita bwino. Tiyi amafuna mvula yambiri, yosachepera mamilimita 1,200 pa chaka, ndiponso dothi lakuya, losasunga madzi, lokhala ndi asidi. Akatswiri akayesa dothi lotere muyeso wake wa pH umakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Nchifukwa chake tiyi amapezeka ku Mulanje, Thyolo ndi mbali zina za Nkhata Bay, osati ku Lilongwe kapena ku Kasungu. Ngakhale m'madera amenewa, pali malo ena m'munda pamene tiyi amakana: pa chulu, pa bwinja, pa dzala ndi pamene panaotchedwa makala. Phulusa limachotsa asidi m'dothi, ndipo mbande zobzalidwa pamenepo zimachita chikasu, kupinimbira ndi kufa. Musathire phulusa kapena laimu m'munda wa tiyi.

Khofi amene timalima kuno ndi wa Arabica, wokonda malo okwera ndi ozizira, kuyambira mamita 1,000 kupita m'mwamba, monga ku Misuku, Phoka, Viphya, kumapiri a Nkhata Bay, kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba, ku Ntchisi ndi ku Thyolo. Mlimi wa kuchigwa kotentha asadzivute nazo mbewuzi.

Palinso nkhani ya msika. Masamba a tiyi ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo athyoledwa, ndipo zipatso za khofi ziyenera kusendedwa tsiku lomwelo. Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi dziwani kumene mudzakagulitse ndi mtunda wake.

Nazale ya tiyi

Tiyi wakale anabzalidwa ndi njere. Vuto la njere ndi lakuti mtengo uliwonse umatuluka ndi khalidwe lakelake: wina wobereka, wina waulesi, wina wa masamba osakoma. Masiku ano tiyi timachulukitsa ndi tinthambi todula ku mitengo yosankhidwa, ndipo mbande iliyonse imafanana ndi mtengo umene inachokerako. Mitundu yotere, monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, inasankhidwa ndi bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa limene lili ku Mimosa, ku Mulanje, ndipo pambuyo pake bungwelo linatulutsa mitundu ina yatsopano. Mitunduyi imasiyana pa kupirira chilala ndi pa kukoma kwa tiyi wake. Funsani alangizi ndi fakitale imene mudzagulitseko kuti ikufuna mtundu uti. Kudula tinthambi m'munda wa mnzanu chifukwa ukuoneka wobiriwira ndiko kubzala chinthu chimene simukuchidziwa.

Tinthambi sitidulidwa ku mtengo umene ukuthyoledwa masamba. Mitengo ya mbewu imaduliridwa, kuthiridwa feteleza ndi kulekedwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osathyoledwa, kuti itulutse nthambi zazitali zoongoka. Nthambizi zidulidwe m'mamawa kapena tsiku la mitambo, ndipo zilowe m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo. Pokhala pamthunzi, tayani nsonga yanthete ndiponso kutsinde kumene kwakhwima ndi kusanduka kofiirira. Chimene tifuna ndi chapakati, chobiriwira koma cholimba. Kanthambi kalikonse kakhale ndi tsamba limodzi lathunthu, diso lake losaphuka, ndi kamtengo ka masentimita atatu kapena anayi pansi pa tsambalo. Dulani ndi lumo kapena mpeni wakuthwa kwambiri. Mpeni wobuntha umaphwanya khungwa ndipo kanthambi kamaola.

Nazale ikhale pafupi ndi madzi osaphwa, pamalo osadikha madzi ndi otetezeka ku mphepo. Mangani chisakasa cha udzu chotalika kuti munthu aziyenda choimirira, chofolera mosathithikana kuti dzuwa lizilowa pang'ono. Mabedi akhale a mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lizifika pakati popanda kupondamo.

Pa dothi lothira m'machubu ndi pamene alimi ambiri amaphonya, ndipo amaphonya chifukwa chofuna kuchita bwino. Munthu wozolowera nazale ya fodya kapena ya ndiwo zamasamba amathamangira dothi lakuda ndi manyowa. Kanthambi ka tiyi sikamera mizu m'dothi lotero. Kamangopanga chotupa kunsi kwake, nkukhala miyezi yambiri tsamba lili lobiriwira koma mizu palibe. Chubu chidzazidwe magawo awiri. Kunsi, magawo awiri mwa atatu, ikani dothi lapamwamba losefa losakaniza ndi feteleza pang'ono wa supa, kuti mizu idzapeze chakudya ikadzafika. Kumwamba, gawo lotsalalo, ikani dothi lapansi lofiira, lofumbutuka, lopanda manyowa ngakhale pang'ono. M'menemo ndimo kanthambi kamabayidwa. Dothi lonseli lisachokere m'munda umene munali fodya, matimati kapena nthochi, chifukwa m'menemo mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya mbande. Ngati nkotheka dothilo liyesedwe kaye asidi wake.

Thirirani machubu bwino lomwe, kenaka bayani kanthambi kamodzi m'chubu chilichonse mopendeketsa pang'ono, kuti tsamba lisagone pa dothi ndiponso lisaphimbe la linzake. Masamba onse aloze mbali imodzi. Tsinani dothi ndi zala kuti ligwire kamtengo. Mukatha thiriraninso, pindani timitengo kapena nsungwi pamwamba pa bedi, ndi kufunditsa pepala la pulasitiki loonekera mkati, m'mbali mwake monse mokwiriridwa ndi dothi kuti mpweya usatuluke.

Pepalali ntchito yake ndi kusunga chinyezi, popeza kanthambi kopanda mizu sikangathe kumwa madzi okwanira. Mukaona timadontho ta madzi mkati mwa pepala, zinthu zili bwino. Timadontho tikasowa, ndiye kuti pepala labooka kapena dothi lauma; tsekulani, thirirani, chotsani udzu ndi tinthambi takufa, ndi kutsekanso. Kuthirira kopitirira muyeso kumapha tinthambi tambiri kuposa ludzu. Chinanso choopsa ndi dzuwa: denga la chisakasa likang'ambika, dzuwa la masana amodzi lokha likhoza kuphika bedi lonse. Nchifukwa chake miyezi yozizira, kuyambira Epulo kufikira Julaye, ndiyo yosavuta kwa mlimi wa nazale yaing'ono.

Mizu imayamba kutuluka pakapita milungu 8 kufikira 12. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, mphukira zikaoneka, yambani kutsekula pepala pang'onopang'ono: kumapeto kumodzi kaye, kenaka konse kuwiri, kenaka m'mbali, kwa milungu ingapo. Kuvundukula tsiku limodzi kumafotetsa mbande zonse. Pepala likachoka yambani kuthira feteleza wosungunula m'madzi, wochepa mphamvu, ndi kutsukuluza masamba ndi madzi oyera. Wa Sulphate of Ammonia ndi woyenera chifukwa amasunga asidi wa m'dothi ndiponso ali ndi salufa. Nthenda yochititsa chikasu masamba a tiyi inazunza minda ya ku Mulanje kufikira 1933 pamene akatswiri awiri, Storey ndi Leach, anaonetsa kuti gwero lake ndi kusowa kwa salufa m'nthaka. Miyezi iwiri yomaliza, phatulani udzu wa padenga pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa.

Mbande imakhala pa nazale chaka chimodzi kapena chaka ndi theka. Yokonzeka imadziwika ndi tsinde lofiirira lonenepa ngati pensulo ndi mizu yofika pansi pa chubu, osati ndi kutalika kokha. Zonyozoloka zitayeni, musazimvere chisoni.

Tiwerengere pamodzi. Pobzala pa mpata wa masentimita 120 pakati pa mizere ndi 75 pakati pa mapando, ekala imodzi imalowa mbande pafupifupi 4,500, ndipo theka la ekala 2,250. Si tinthambi tonse timene timagwira, ndiponso zina zimafera kumunda. Wofuna kubzala theka la ekala abaye tinthambi tosachepera 3,000. Iyi ndi ntchito yaikulu kwa banja limodzi, ndipo nchifukwa chake nazale ya kalabu imaposa ya munthu payekha: pepala, machubu ndi ntchito yothirira zimagawidwa. Kalabu yodziwa ntchitoyi ikhozanso kugulitsa mbande kwa alimi anzawo, pakuti minda yambiri ya tiyi ya m'midzi ili ndi mipata imene mitengo inafa kalekale, ndipo mpata uliwonse ndi ndalama yotayika chaka ndi chaka. Koma wofuna kugulitsa apangane ndi ogula asanabaye tinthambi, ndipo alembe dzina la mtundu ndi tsiku lobaya pa bedi lililonse. Mbande yokhalitsa m'chubu mizu yake imapotana ndipo siigulika.

Kukonza munda

Pamene mbande zikukula, munda ukhale ukukonzedwa. Zitsa ndi mizu ya mitengo zichotsedwe zonse. Mizu yotsalira m'nthaka imasunga nthenda ya Armillaria, mtundu wa bowa umene umaoletsa mizu ya tiyi ndi khofi yemwe, ndipo mankhwala ake palibe. Njira yoipewa inapezeka konkuno m'zaka za m'ma 1930 ndi Leach yemwe uja: mtengo wofunika kuchotsedwa uyambe wasendedwa khungwa kuzungulira thunthu ndi kulekedwa chaka kapena kupitirira usanagwetsedwe. Potero chakudya cha m'mizu chimatha ndipo bowayo amasowa podyera.

Pano sitikunena zogwetsa nkhalango. Mu 2023 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti khofi wolimidwa pamalo amene nkhalango inagwetsedwa itadutsa 31 Disembala 2020 asalandiridwe pa misika yawo. Tsiku loyambira kugwira ntchito lamuloli linasunthidwa, komabe mtengo wa khofi umakhala zaka zambiri, ndipo wobzala m'nkhalango lero adzasowa wogula mawa.

Minda yambiri ya mbewuzi ili pamatsetse. Mizere itsate akalozera, ndipo m'migula mubzalidwe udzu wa vetiva. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zambiri pa nkhani imeneyi. Tiyi wamkulu amaphimba nthaka yekha, koma zaka zitatu zoyamba nthaka imakhala pambalambanda.

Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro a Januwale, kuti mizu izame chilimwe chisanafike. Ng'ambani chubu ndi lumo osagumula dothi, ndipo pepalalo lisakwiriridwe m'dzenje. Dothi la m'chubu lilingane ndi nthaka ya m'munda. Phimbirani ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe.

Nazale ya khofi

Khofi ndi wosavuta poyerekeza ndi tiyi, popeza amafesedwa ndi njere. Komabe pali zinthu ziwiri zimene zimaononga minda yambiri.

Choyamba ndi gwero la mbewu. Timbande tomera tokha pansi pa mitengo yakale tisazulidwe kukabzala. Mizu yake imakhala yopindika ndipo timanyamula matenda a m'munda wakalewo. Mbewu itengedwe ku koparetivi kapena kwa alangizi, ndipo ifesedwe msanga, chifukwa njere ya khofi imataya mphamvu yomera pakangopita miyezi yowerengeka. Kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zopitirira 3,000. Pa mitundu, Geisha ndi Agaro ndi yakale, yaitali, ndipo khofi wa Geisha amayamikiridwa ndi ogula chifukwa cha kukoma kwake. Mitundu ya Catimor, kuphatikizapo Catimor 129 amene amatchedwa Nyika, ndi yaifupi, yobereka msanga ndi yopirira ku chiwawu cha masamba. Koma Catimor ndi wadyera. Amabereka kopitirira mphamvu zake, ndipo akapanda kudyetsedwa manyowa ndi feteleza wokwanira nthambi zimauma kuyambira kunsonga, mtengo nkutheratu utangobereka kawiri kapena katatu. Mlimi amene alibe khola kapena njira yopezera feteleza aganize bwino asanadzaze munda wonse ndi mtundu umenewu.

Njere zifesedwe pa bedi la mchenga wa kumtsinje, mbali yaphwatalala itayang'ana pansi, kuya kwake sentimita imodzi kapena awiri, ndi kuphimbira ndi udzu wopyapyala. Zimamera pakapita milungu 6 kufikira 8, ndipo kumalo ozizira kwambiri zimachedwerapo. Zikatukula mitu, kapena zikangotambasula timasamba tiwiri toyamba, ziokeredwe m'machubu. Mosiyana ndi tiyi, khofi amafuna dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono.

Chachiwiri ndi muzu waukulu. Pookera, boolani dzenje lakuya ndi kamtengo, lowetsani muzu uli chiongokere, ndi kutsina dothi kuchokera m'mbali. Muzu ukapindikira m'mwamba ngati mbedza, mbandeyo imaoneka yabwinobwino pa nazale ndi chaka choyamba kumunda. Imadzaonekera chaka chachitatu, itasenza zipatso m'chilimwe: imafota ndi kufa, mwini wake nkumanena kuti ndi matenda. Wogula mbande kwa munthu wina asankhe ziwiri kapena zitatu mwa zana, azing'ambe ndi kuona mizu asanapereke ndalama. Wogulitsa woona mtima sangakane.

Mbande ya khofi imapita kumunda ikakhala ndi masamba awiriawiri okwana magulu asanu kapena asanu ndi limodzi. Maenje akumbidwe miyezi iwiri kapena itatu mvula isanagwe, masentimita 60 kuya ndi 60 mbali zonse, dothi lapamwamba paderapadera ndi lapansi. Dzenje likwiriridwe ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Mpata wa pakati pa mitengo umadalira mtundu. Waufupi umabzalidwa moyandikana kuposa wautali, ndipo alangizi adzakupatsani muyeso wake. Nthochi zimapereka mthunzi wabwino ndi masamba ophimbira, monga alimi a ku Misuku akhala akuchitira, malinga zisachuluke mpaka kulanda madzi.

Polimira samalani kuti khasu lisatemeko tsinde. Nthenda ya Fusarium, imene imaumitsa khungwa ndipo yapha khofi wambiri m'dziko muno, imalowera pa bala. Pafupi ndi tsinde zulani udzu ndi manja. Mdani wina ndi mphutsi yoboola thunthu, yochita ngati kapuchi m'phesi la chimanga. Kachilombo kake kamaikira mazira m'ming'alu ya khungwa kutsinde nthawi ya mvula yoyamba. Kukhula khungwalo ndi chitsononkho kapena chiguduli kuti lisalale kumachepetsa poikira. Mukaona utuchi pansi pa mtengo, funani kabowo ndi kubaya mphutsiyo ndi waya. Mtengo umene waonongeka kwambiri uzulidwe ndi kuotchedwa mvula isanayambe.

Zaka zodikira

Khofi amapereka zipatso zoyamba zogulitsa chaka chachitatu. Tiyi naye amayamba kuthyoledwa pang'ono cha m'chaka chachitatu, atadulidwa kangapo kuti atambalale, ndipo amatenga zaka zina zingapo kuti afike pachimake. Ndi mtima wovuta kudula mbande imene yakula bwino, koma yosadulidwa imangotalika ngati mtengo wa m'tchire, yopanda pothyola. Maluwa a khofi a chaka choyamba nawonso ndi bwino kuwachotsa kuti mtengo uyambe wakhwima.

Zaka zimenezi munda umadya osabweza. Musachotse chimanga chonse kuti mubzale mbewu za malonda. Yambani ndi gawo limene banja lanu lingathe kulipalira, kuliphimbira ndi kulithira feteleza, ndipo muzionjeza chaka ndi chaka. Mitengo 300 ya khofi yosamalidwa imaposa 1,000 yolekerera. Pakati pa mizere mukhoza kubzala nyemba zosayanga kapena soya chaka choyamba ndi chachiwiri, motalikira ku tsinde. Chimanga, chinangwa ndi mbatata ai, chifukwa zimalanda dzuwa ndi chakudya, ndipo pokumba mumadula mizu.

Powerengera phindu kumbukirani kuti mtengo umene mumamva pa wailesi ndi wa tiyi wouma ndi khofi wosendasenda. Pamafunika makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu a masamba aawisi kuti apange kilogalamu imodzi ya tiyi wouma wogulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, ndipo makilogalamu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri a zipatso zofiira kuti atulutse kilogalamu imodzi ya khofi wotumiza kunja. Tiyi wambiri amathyoledwa kuyambira Disembala kufikira Epulo, nthawi yomweyo imene chimanga chifuna kupaliridwa ndi kubandiridwa, choncho banja liganiziretu za manja ogwira ntchito. Khofi amapsa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi, ntchito ya m'minda ina itachepa.

Makalabu ofuna kubaya tinthambi ta tiyi m'nyengo yozizira ikudzayi akambirane ndi eni mitengo ya mbewu mvula isanayambe, pakuti mitengoyo iyenera kuduliridwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi yodula isanakwane. Udzu wofolera chisakasa ndi nsungwi zisonkhanitsidwe moto wa m'tchire usanayambe.